1946: Chaka Chimene Ndege za Nkhondo Zinasanduka za Malonda

Ndangoyamba kumene kuwerenga mbiri ya makampani a ndege, koma chaka cha 1946 chandigwira mtima moti ndikulephera kukhala chete. Kulikonse kumene ndatembenukira ndikukumana nacho. SAS ya maiko a Denmark, Norway ndi Sweden, Alitalia ya ku Italy, East African Airways ya ku Nairobi, Cathay Pacific ya ku Hong Kong, onsewa ndi ana a chaka chimodzi.

Nditafufuza chifukwa chake, chidwi changa chinachita kunyanya. Nkhondo yachiwiri ya padziko lonse itatha mu 1945, ndege zonyamula asilikali zinangoti mbwee m'mabwalo, zopanda ntchito. Za mtundu wa C-47 zokha, zomwe ambiri ankazitcha Dakota, zinapangidwa zoposa 10,000. Zinkagulitsidwa motchipa, ndipo anyamata odziwa kuziyendetsa anali pa ulova.

Awiri mwa iwo ndi Roy Farrell wa ku America ndi Sydney de Kantzow wa ku Australia. M'nkhondo muja ankawolotsa katundu pamwamba pa mapiri a Himalaya kupita ku China. Pa 24 September 1946 anakhazikitsa Cathay Pacific, ndipo ndege yawo yoyamba, Dakota yotchedwa Betsy, ikusungidwabe ku Hong Kong Science Museum. Zithunzi za ndege zamtunduwu sindikhuta kuziyang'ana. Ikaima pansi, mphuno imaloza kumwamba, mchira utatsamira pa kagudumu kakang'ono. Wokwera amalowera khomo lakumbuyo n'kukwera chitunda m'kati momwemo kuti akafike pampando wake. Ndi yokongola zedi!

Ena anaona kuti ndalama zili pa katundu. Ku San Antonio, m'chigawo cha Texas, Earl Slick anagula ndege zankhondo za C-46 n'kuyambitsa Slick Airways, yonyamula katundu yekhayekha.

Chimene chinandidzidzimutsa koposa n'chakuti nafenso tili m'nkhaniyi. Chaka chomwecho, maboma a Southern Rhodesia, Northern Rhodesia ndi Nyasaland anasonkherana n'kupanga Central African Airways, likulu lake ku Salisbury, komwe lero ndi ku Harare. Air Malawi inatuluka m'mimba mwa kampani imeneyi mu 1964, kenako n'kuima payokha mu 1967. Nayonso Ethiopian Airlines, ngakhale inakhazikitsidwa mu December 1945, ulendo wake woyamba unali wa pa 8 April 1946, kuchoka ku Addis Ababa kupita ku Cairo kudzera ku Asmara, pa C-47 yotsala kunkhondo. Lero kampaniyi ili ndi magawo 49 pa 100 alionse mu Malawi Airlines.

Alitalia, Slick ndi East African Airways zinatha, koma Cathay, SAS ndi Ethiopian zikuulukabe. Ndimawagomera anthu amene anayang'ana zida zotsala kunkhondo n'kuonamo njira yolumikizira maiko. Ndipo aliyense wokwera Malawi Airlines pa Chileka kapena pa Kamuzu International Airport akudyerera thukuta la anthu amenewo.