Mtendere wa a Amish Uli ndi Mtengo Wake

Ku America kuli mtundu wa mabuku a nthano amene anthu amawakonda kwabasi. Pachikuto pake pamakhala namwali wovala kachipewa koyera, kumbuyo kwake ngolo yokokedwa ndi hatchi. Nkhani zake ndi za chikhulupiriro, chikondi ndi moyo wa pamodzi pakati pa a Amish. Ine ndawerengapo limodzi, ndipo ndati ndigawane nanu, anzanga, zimene linandisiyira mumtima.

A Amish ndi akhristu amene anapatukana ndi anzawo a Mennonite mu 1693 motsogozedwa ndi Jakob Ammann wa ku Switzerland. M'zaka za m'ma 1700 anayamba kusamukira ku Pennsylvania. Ambiri a iwo sakhala ndi galimoto, sakoka magetsi a m'mawaya, ndipo amapemphera m'nyumba zawo mosinthana, Lamulungu limodzi pa masabata awiri. Munthu amabatizidwa atakula, atalonjeza yekha kusunga malamulo a mpingo otchedwa Ordnung. Khola la mnzawo likapsa, amasonkhana onse kumumangira lina. Kumeneko mwambi uja wakuti mutu umodzi susenza denga amauchita ndi manja.

Buku limene ndinawerenga ndi The Shunning, lolembedwa ndi Beverly Lewis mu 1997, lomwe linatchukitsa nthano zoterezi. Limasimba za Katie Lapp, namwali wokonda nyimbo ndi gitala, zinthu zimene mpingo wake sulola. Iye athawa ukwati wake ndi bishopu, ndipo mpingo ulamula kuti asalidwe. Wosalidwa sadya pa tebulo limodzi ndi abale ake, ngakhale mayi womulera. Pamenepa ndinaima kaye. Kodi anthu omangirana khola aja ndi omwewa okana kudya ndi mwana wawo?

Yankho ndinalipeza n'lakuti ndi omwewo, ndipo zinthu ziwirizi zimachokera pa muzu umodzi. Kwa iwo lonjezo la pa ubatizo si la munthu payekha ayi, limamanga mudzi wonse. Amati kusala munthu ndi mankhwala owawa oti wolakwa abwerere, ndipo akalapa amamulandira. Ngati mankhwalawo amachiza kapena amangokulitsa bala, mtima wanga sunakhazikike, pakuti misozi ya Katie ndi yolemera.

Olemba ambiri a mabukuwa si a Amish, owerenganso ambiri si a Amish. Ndi anthu otopa ndi phokoso la m'tauni amene amasirira bata la kumudzi ali pampando wa m'nyumba ya magetsi. Akuluakulu anati chikomekome cha mkuyu, mkati muli nyerere. Sindikunena kuti moyo wa a Amish ndi wowola, koma kuti wosirira kunja saona mtengo umene eni ake amalipira: kumvera, kudzichepetsa ndi kusiya zofuna za mtima.

Mtengowo unaoneka poyera pa 2 Okutobala 2006 ku Nickel Mines, m'dera la Lancaster. Munthu wina analowa m'sukulu yawo n'kuwombera atsikana khumi, asanu anafa, iyenso anadzipha. Tsiku lomwelo a Amish ena anapita kukatonthoza banja la wakuphayo, ndipo ambiri anakapezeka pa maliro ake. Imeneyi sinali nthano. Chikhululukiro chotere sichimera tsiku limodzi, chimachokera m'zaka zambiri zophunzira kugonja pa zinthu zazing'ono.

Ifenso pano pa seminale timadzuka ndi belu, timadya pamodzi, timalima pamodzi, ndipo alendo amati tili pa mtendere. Okhalamofe tikudziwa kuti mtenderewo umagulidwa tsiku ndi tsiku, pamene ukhululukira mnzako amene wakunenera zoipa, mawa n'kukhala naye benchi limodzi m'tchalitchi. Tsono anzanga, tisangosirira chikuto. Aliyense adzifunse ngati ali wokonzeka kulipira mtengo wake.