Kamera pamtengo, mpita pansi

Ku America kuli alenje ena amene amanyadira kusaka ndi uta wamtengo, wopanda timawilo kapena chounikira pamene muvi ukagwere. Amati akusaka monga ankachitira makolo. Nyama yawo ndi deer, yofananako ndi mbawala yathu, ndipo m'madera ambiri nyengo yosaka ndi uta imatsegulidwa mu Seputembala kapena Okotobala. Koma ikamakwana Julayi ndi Ogasiti, alenje omwewa amakhala atamangirira kale timakamera m'mitengo ya m'nkhalango. Kamerayo imamva kutentha kwa thupi la chinthu chimene chikuyenda kutsogolo kwake, n'kujambula, usana kapena usiku, ndipo pachithunzi pamalembedwa tsiku ndi ola. Zina zimatumiza chithunzicho pafoni nthawi yomweyo. Tsiku lokalowa m'tchire likamafika, mlenje amakhala akudziwa kuti yaimuna yanyanga zazikulu ija imadutsa pamtsinje wakuti cha m'ma 5 koloko m'mawa.

Eni akewo sagwirizana pankhaniyi. Boma la Arizona linaletsa kugwiritsa ntchito makamerawa posaka kuyambira pa 1 Januwale 2022, ndipo chimodzi mwa zifukwa chinali chakuti m'dera louma ngati limenelo nyama zimamwa pamalo ochepa, ndiye pachitsime chimodzi pankapezeka makamera ambirimbiri, nyama n'kusowa pobisala. Ena amati kamera siponya muvi, ndipo ndi uta wamtengo uyenerabe kuyandikira mpaka mamita 20 kapena kucheperapo nyamayo isanakumve fungo. Mkanganowu ndi wawo. Chimene chandigwira ine, mwana wa ku Chinsapo amene sanaonepo deer ndi maso, ndi funso limene lili pansi pake: kamera ikagwira ntchito yofufuza, kodi n'chiyani chimachoka m'mutu mwa munthu?

Nafenso tili ndi nyengo yathu yosaka, ngakhale ambiri a ife tikafika ku koleji timachita ngati sitinaionepo. Chimanga chikakololedwa, mapesi atauma, kuyambira cha mu Meyi mpaka dzuwa la Okotobala, anyamata a m'mphepete mwa Lilongwe amatuluka ndi makasu kukasaka mbewa. Ife tinkalowera m'minda ya chakumadzulo, mbali ya ku Likuni. Ndipo amene sanapiteko amaganiza kuti n'kungokumba paliponse pali dzenje. Ayi ndithu. Kukumba kumabwera pomaliza, ntchito yeniyeni ndi kuwerenga nthaka.

Choyamba umayang'ana mpita, kanjira kosalala kamene mbewa zimadutsamo pansi pa udzu. Mpita umene ukuyendedwa umakhala woyera, wopanda tizinyalala. Wosiyidwa umakhala ndi ulusi wa kangaude kapena masamba amene mphepo yagwetsamo. Ukaulondola umakufikitsa pa una. Pamenepo umagwada n'kuona dothi la pakhomo: ngati ndi lofewa, la mtundu wosiyana ndi lozungulira, mwini wake wagona momwemo. Ngati pali makoko a mtedza kapena timisere ta chimanga tatsopano, ndiye kuti m'nyumbamo muli chakudya. Ndiye usanaponye khasu, uyenera kupeza mbuli, khomo lothawira limene mbewa imalisiya lophimbika pang'ono chapatali. Mwana wosadziwa amakumba ndi mphamvu zake zonse, thukuta kamukamu, mbewa ili kale patchire kudzera kumbuli. N'chifukwa chake pagulu pamakhala wina wongoima pamenepo ndi kamtengo, ndipo kawirikawiri amakhala wamng'ono kwambiri, amene pogawana amalandira zowonda. Palinso mantha a njoka, chifukwa si una uliwonse umene uli ndi mwini wake woyamba. Wamkulu wa gulu amayamba waona ngati pakhomo pali mkwekwe wosalala asanalole munthu kupisa dzanja.

Mayina akenso alipo. Kapuku, wopezeka paliponse. Phanya, wa miyendo yakumbuyo italiitali, amene una wake umakulemetsa kukumba. Kapeta, wamafuta, amene akapezeka anyamata amakanganirana. Mende wa kudambo. Bwampini, chimkulu chimene ena amakana kuchiika m'gulu la mbewa. Mzungu wina wophunzira za chikhalidwe cha anthu, Brian Morris, amene anakhala zaka zambiri kuno, analemba zinthu zoterezi m'buku lake la 1998 lotchedwa The Power of Animals. Zimandiseketsa pang'ono kuti zimene tinkakalipiridwa nazo kunyumba chifukwa chobwera ndi zovala zafumbi, zili m'buku limene ophunzira amalitchula m'mapepala awo kuti apeze malikisi.

Agogo anga aamuna, a kumudzi cha ku Malingunde, amati zimenezi ndi sukulu ya ana. Iwo anaona uzimba weniweni ali mnyamata, wa amuna a midzi ingapo, agalu, mikondo, zibonga ndi mauta. Akamafotokoza, sachedwa pa kupha. Amachedwa pa masiku a m'mbuyo mwake, pamene anthu awiri kapena atatu ankatumidwa kukayendera tchire. Ankapita pamene madzi atsala m'chilimwe kukaona mapazi m'matope, n'kusiyanitsa a gwape ndi a mbawala ndi a nguluwe. Ankafinya ndowe ndi zala kuti adziwe ngati ndi za usiku womwewo kapena za dzana. Ankaona msinkhu umene masamba adyedwa. Ankatola fumbi n'kuliwaza kuti aone kumene mphepo ikulowera m'mawa ndi madzulo, chifukwa nyama ikakumva fungo, uta wako ndi nkhuni chabe. Tsiku lina ndinawaonetsa pafoni chithunzi cha kamera ya m'tchire, nyama itaima maso ali ngwee mumdima, pansi pake palembedwa ola. Anachiyang'ana nthawi yaitali, kenaka anati, "Iwe mdzukulu wanga, chakuuza kuti yadutsa. Nanga chakuuza chimene yadutsira pamenepo?"

Funso limenelo ndi limene ndikuliona kuti ndi lolemera. Kamera imayankha kuti ndani, liti, pati. Munthu wowerenga mapazi amakakamizika kudziwa chifukwa, popeza alibe chithunzi: ayenera kudziwa kuti mtengo wakuti ukugwetsa zipatso mwezi uno, kuti dambo lakuti lauma, kuti agalu a mudzi wakuti asokoneza njira yakale. Akadziwa chifukwa, akhoza kulosera za mawa, ngakhale pamalo amene sanafikepo. Mwini kamera akhoza kuphunziranso zonsezi, sindikukana, koma palibe chimene chikumukakamiza.

Komabe kufanana kwa agogo ndi mlenje wa ku America kumathera pa uta pomwepo. Wa ku America ali ndi mfuti kunyumba ndi nyama mufiriji. Wasankha uta kuti masewerawo avute, ndipo boma lake lamugulitsa chiphaso ndi kumupatsa nyengo yake. Agogo sanasankhe chilichonse, ndiwo inali yomweyo. Ndipo kuyambira nthawi ya atsamunda, malamulo a nyama m'dziko muno ankakomera mlenje wa mfuti ndi chiphaso, pamene kusaka kwa m'midzi kunkaonedwa ngati kuononga. Lero lamulo loteteza nyama zakutchire, limene linakhwimitsidwa mu 2017, limafika mpaka zaka 30 m'ndende pa milandu ikuluikulu yokhudza nyama zotetezedwa kwambiri. Mawu akuti mlenje, amene kale anali ulemu, tsopano amamveka ngati mlandu.

Pano ndisamveke molakwa. Sindikupempha kuti uzimba ubwerere. Ubwerera kuti? Aliyense wokhala ku Chinsapo amaona njinga za makala zikutsika m'mamawa kuchokera mbali ya Dzalanyama, matumba atasanjikizana kuposa mutu wa wopalasa, ndipo makala amenewo timagula ndife, ine ndemwe ndimaphikira pambaula magetsi akazima. Zinafika poipa mpaka mu 2015 boma linatumiza asilikali kukalondera nkhalangoyo, chifukwa ndi kumene kumachokera mtsinje wa Lilongwe umene mzinda wonse umamwa. Gwape amene watsala kumeneko asiyidwe. Ngakhale kusaka mbewa kuli ndi mbali yake yoipa: moto umene anyamata amayatsa kuti mauna aonekere umapsereza mapesi amene akanabwezera chonde m'nthaka, ndipo nthawi zina umalowa m'mitengo ya anthu.

Ndiye kuno makamera aja ali m'manja mwa oteteza nyama, osati alenje, ndipo zimenezo n'zabwino. Bungwe la African Parks, limene linayamba kuyang'anira nkhalango ya Nkhotakota mu 2015 n'kusamutsirako njovu pafupifupi 500 mu 2016 ndi 2017, lagwiritsa ntchito makamera otere pofuna kudziwa nyama zimene zili m'nkhalango yowirira imene kuwerenga uli m'ndege n'kovuta. Mu Lilongwe mwenimweni muno, a Carnivore Research Malawi akhala akutsatira afisi amene amakhala mumzinda, ndipo makamera ndi chimodzi mwa zida zawo. Inde, afisi, mumzinda wa Capital Hill. Kwa ife amene tinakula tikumva kuti fisi wa m'tauni ndi wa munthu, chithunzi cha fisi wamba akufunafuna chakudya usiku chili ndi ntchito yake.

Koma kamera siidzimangirira yokha. Wina ayenera kusankha mtengo, msinkhu ndi mbali yoyang'anitsa. Ukaiika pamalo olakwika udzapeza zithunzi mazanamazana za udzu ukugwedezeka. Woidziwa njira ya nyama, nthawi zambiri, ndi munthu wa m'mudzi woyandikana ndi nkhalango, mwina mlonda wa nyama amene anakulira momwemo, mwina amene kale ankatchera misampha. Nzeru imene ikuika kamera pamalo oyenera ndi yomwe ija ya mapazi ndi ndowe. Ndiye lipoti likatuluka m'Chingerezi, dzina la kamera limalembedwa, mtundu wake, masiku amene inakhala pamtengo. Amene analoza mtengowo amalowa m'mawu othokoza a kumapeto, akachita mwayi.

Izi si zachilendo kuno. Alenje a ku chigwa cha Shire ankapaka mivi yawo ulembe wochokera ku mbewu za chomera chotchedwa kombe. John Kirk, dokotala amene anayenda ndi David Livingstone paulendo wa ku Zambezi umene unayamba mu 1858, anatenga chomeracho ndipo anazindikira kuti chimachepetsa liwiro la kugunda kwa mtima. Ku Edinburgh, Thomas Fraser anachifufuza, ndipo pofika m'zaka za m'ma 1880 munatuluka mankhwala a mtima otchedwa strophanthin. Chomeracho mpaka lero dzina lake la sayansi ndi Strophanthus kombe. Mawu athu analowa m'Chilatini, mayina a Kirk ndi Fraser ali m'mabuku, koma amene anayesa mbewuzo kwa mibadwo mpaka kudziwa muyeso wogwetsa nyama popanda kupha odya, amangotchedwa anthu a kumeneko.

Pali chinanso chimene tiyenera kuchiyang'anitsitsa makamerawa akamachuluka. Kamera siisankha. Imajambula mbawala, imajambulanso mayi wotola nkhuni, mnyamata wofuna bowa, munthu amene wapatuka kukadzithandiza. Mu 2024 ofufuza a ku yunivesite ya Cambridge anafalitsa zimene anapeza pafupi ndi nkhalango ya akambuku ya Corbett ku India: makamera ndi ma drone oikidwa chifukwa cha nyama ankagwiritsidwanso ntchito poopseza amayi olowa m'nkhalango, mpaka chithunzi cha mayi wina akudzithandiza chinafalitsidwa pa WhatsApp ndi Facebook. Amene mumadziwa mmene zithunzi zimayendera m'magulu athu a WhatsApp simufunika kuuzidwa zambiri. Ndani amasunga zithunzi za anthu zimene kamera ya nyama yajambula, ndipo amaloledwa kuchita nazo chiyani? Limeneli si funso la ophunzira za nyama ku Bunda okha. Ndi la ife a mbiri, a zilankhulo, a filosofi, amene timafunsidwa kunyumba kuti digiri yathuyi tidzadya nayo chiyani.

Ndipo gawo lina la ntchitoyi palibe kamera imene ingatigwirire. Minda ina imene tinkasakamo mbewa pano ndi mapuloti, njerwa zili mbwee, maziko akumbidwa. Mwana wa achemwali anga, wa Sitandade 6, amadya mbewa zogula pampani mosangalala, koma nditamufunsa kuti mbuli n'chiyani anaganiza kuti ndikunena mbuli ya munthu wosaphunzira. Mawu amenewa sasowa chifukwa chakuti Chingerezi chawalanda malo. Amasowa chifukwa ntchito imene inkawafuna yatha. Mwambi wa mbewa ya manyazi imene inafera kuuna adzauloweza pokonzekera mayeso a Chichewa, una weniweni asanauonepo.

Agogo ali ndi zaka zopitirira 80 ndipo maso ayamba kuchita chifunga. Holide ikubwerayi ndawapempha kuti tikayende limodzi kudambo la kumudzi, foni yanga ikujambula mawu, iwo azitchula chilichonse chimene phazi lawo lapondapo. Avomera, koma aika malamulo awiri: tinyamuke kusanache, mame asanaume, ndiponso ndisadzole mafuta onunkhira aja ndimabwera nawo kuchokera ku tauni.