Nsomba zinakula, bokosi ai

Ambiri a inu mumadziwa mau anga pa wailesi m'mawa, koma nkhani iyi sindinaikambepo pa maikolofoni chifukwa cha manyazi. Ine mwana wa ku Metangula, wokulira usipa ndi utaka, ndinapha nsomba ziwiri m'nyumba mwanga muno mu Lichinga, osati za ndiwo, koma za mwana wanga.

Mlamu wanga wa ku Nampula ndiye anayambitsa zonse. Anabwera ndi mphatso ya mwana wathu wamkazi: tinsomba tinayi m'jumbo yodzaza madzi. Kalikonse kanali ngati ndalama yachitsulo, kophwatalala, ka mizere yakuda yotsika. Pa Chingerezi amati angelfish, Apwitikizi amati escalar. Kwao ndi ku mitsinje ya Amazon ku South America, ndipo anthu amaziweta m'mabokosi agalasi kuti azingoziona basi.

Ndikudziwa kuti wina ku Cobue kapena ku Mandimba akuseka kale kuti, “Kuweta nsomba yosadyera nsima?” Sekani abale, koma dziwani kuti mbuna zathu zomwe ana amaziwedza pamiyala zimakwera ndege kupita ku Ulaya pa ntchito yomweyi. Kutsidya ku Salima, malemu Stuart Grant anayamba malonda otumiza nsomba zamoyo kunja m'zaka za m'ma 1970. Ndiye si misala ya Azungu okha, ndi ndalama.

Tsiku loyamba tinaziika m'mbale yagalasi yozungulira ngati mphika. M'mawa mwake zonse zinali pamwamba, kukamwa yasa. Mpweya umalowa m'madzi kudzera pamwamba pamene madzi akumana ndi mphepo, tsono chiwiya cha kukamwa kochepa chimabanika. Ndinathamangira kwa mmisiri wina wodula magalasi a mawindo, n'kumuuza muyeso wa m'mutu mwanga: masentimita 80 m'litali, 30 m'lifupi, 25 kuya kwake. Ndinaganiza ngati munthu wa kunyanja, kuti nsomba imafuna bwalo lothamangamo. Kuya sindinakuwerengere.

Miyezi ingapo zonse zinali bwino. Mwana akaweruka ku sukulu ankakhala pansi kumazilankhula, mpaka anazipatsa maina. Koma nsomba zija sizinakule ngati chambo. Zinakula chokwera ndi chotsika. Chipsepse cha pamsana chinatalika kuloza kumwamba, cha kumimba kuloza pansi. Ikakhwima nsomba imeneyi imafika masentimita ngati 15 kuchoka kukamwa mpaka kumchira, koma kuchoka pansonga ya chipsepse chapamwamba kufika chapansi imakwana 20. M'bokosi langa, mutachotsa mchenga wa pansi ndi mpata wa pamwamba, madzi sankafika ngakhale pamenepo. Zinayamba kusambira chopendekeka, zipsepse zitapindika ngati munthu wamtali m'khola la nkhuku. Ziwiri zazikulu zinayambanso kuthamangitsa zinzake, ndipo zothawazo zinalibe kobisala.

Kenaka inafika June. Amene anagonapo mu Lichinga m'mwezi umenewu akudziwa. Tili pamwamba, mamita oposa 1,300, ndipo usiku kuzizira kumatha kutsika pansi pa madigiri 10. Nsomba ya ku Amazon imafuna madzi a madigiri 24 mpaka 28. Kachipangizo kotenthetsa madzi ndinali nako, koma usiku wina magetsi anazima. Madzi ochepa amazizira msanga, monga tiyi wa m'kapu azizira mphika ukadali wotentha. Kutacha, ziwiri zofooka zija zinali chagada.

Mwana sanalire mokweza. Anangondifunsa kuti, “Ababa, inu simunati mumadziwa nsomba?” Tsiku limenelo ndinawerenga nkhani za m'mawa mutu uli kwina.

Sabata yomweyo amalume anabwera kuchokera kunyanja ndi matumba a usipa wouma. Iwo sanapite patali ndi sukulu ndipo za Amazon sanazimvepo. Anagwada pabokosi paja nthawi yaitali, kenaka anati, “Mphwanga, nsomba iyi taiyang'ana thupi. Si ya pamchenga, si ya pamiyala. Iyi ndi ya m'bango, imaima pakati pa mapesi. Waipatsa mbale, iyo ikufuna chitsime.”

Nditafufuza ndinapeza kuti amalume analasa. Kwao nsombazi zimakhala m'madzi odekha, pakati pa mizu ndi zomera zazitali, ndipo thupi lophwatalalalo ndi lozembera m'mipata. Chinandidabwitsa china: angelfish ndi mbale wake wa chambo ndi mbuna, banja lao ndi limodzi, kungoti wina anakulira kutsidya kwa nyanja yamchere.

Bokosi lachiwiri ndinaliyeza ndi pensulo. Masamu ake ndi apafupi: litali kuchulukitsa ndi lifupi, kuchulukitsanso ndi kuya, m'masentimita, n'kugawa ndi 1,000, mwapeza malita. Loyamba lija linali la malita 60. Latsopano ndinati 100 ndi 40 ndi 50, malita 200, ndowa khumi za malita 20. Mmisiri anafuna kundipangira lopapatiza lalitali ngati mgolo kuti lisadye malo m'nyumba, ndinakana, chifukwa tikanabwerera ku vuto la mbale ija: kuya kulipo, pamwamba popumira palibe. Nsomba ziwiri zokha zingakhale m'malita 100 kapena kuposerapo pang'ono bola kuya kukhale masentimita 45 kapena 50, koma ine kuzizira kwa June kunali kutandiphunzitsa kukonda madzi ambiri.

Apa mpamene ndalama zinapweteka. Madzi akamazama amakankha galasi mwamphamvu, ndiye la pawindo la mamilimita 3 kapena 4 silingathe, lingaphulike usiku ana ali mtulo. Tinagula la mamilimita 8. Ndiponso lita imodzi ya madzi imalemera kilogalamu imodzi, kutanthauza kuti bokosi lodzaza likuposa matumba anayi a simenti. Tebulo lathu lodyera silikanapirira, choncho ndinamanga kachiunda ka njerwa pakona ya chipinda chochezera. Mai a kunyumba anakhala masiku awiri akundiyankha ndi mau amodzi amodzi, poti ndalamazo tinkasungira malata a khitchini. Sindikuwaimba mlandu. Ndikanayeza nsomba yaikulu poyamba paja, osati kamwana ka m'jumbo, tikanalipira kamodzi.

Amalume pobwerera anati adzanditengera mbuna za buluu za pamiyala ya kwathu kuti bokosi likongole. Ndinawathokoza koma ndinakana. Mbuna ndi zandeu, zikanadula zipsepse zazitali zija, komanso madzi a m'nyanja yathu ndi osiyana ndi amene nsomba za ku Amazon zimakonda. Mbuna zikanafuna bokosi lija lalitali m'mbali, lodzaza miyala. Anaseka nati ndayamba tsankho pa nsomba za kwathu.

Ziwiri zotsala zija mwamwai zinapezeka yaimuna ndi yaikazi. Zipsepse zinaongoka, ngakhale imodzi nsonga yake ikadali yokhota. Mwezi wathawu zinaikira mazira pa tsamba, m'mizere ngati mapira, n'kumawapepeza ndi zipsepse usana wonse. Tsiku lachitatu zinawadya onse, monga zimachitira zambiri zikamaikira koyamba. Mwana walemba tsikulo pa kalendala ndipo m'mawa uliwonse asanavale yunifolomu amakayamba wasuzumira pa tsamba lija.