Mainjini 14 a malemu amalume: tigulitse bwanji, kwa ndani?

Kugulitsa chinthu chogwira ntchito n'kosavuta. Wogula amachiyesa, mumanenererana mtengo, basi mwathana. Mutu umapweteka chinthucho chikakhala chakufa koma choti munthu wa manja aluso atha kuchidzutsa. Mtengo wake ndi wotani? Nanga ukakhala nazo zambiri nthawi imodzi, umayamba kupatsa ndani?

Funso limeneli landidyera tchuthi chonse kwathu ku Chintheche. Amalume anga, omwe anatisiya chaka chatha, anagwira ntchito ku Joni zaka zambiri ngati amuna ambiri a ku Nkhata Bay, ndipo atabwerako anamanga kashedi kokonzeramo mainjini a maboti. Anali ndi nthenda imodzi: injini yakufa sankaipitirira. Msodzi akaitaya mtima, iwo ankaigula motchipa n'kuikoloweka pa mtanda, ati adzaikonza tsiku lina. Titatsegula shediyo tinawerenga mainjini 14, ambiri a Yamaha Enduro, ya 15 ndi ya 40 monga asodzi amazitchulira, kuphatikiza zidebe za masipeya. Inalipo imodzi yokha yolira.

Za mwini katundu sitinalimbane nthawi yaitali. Lamulo la chuma cha masiye la 2011 limaika patsogolo mkazi ndi ana a malemu, ndipo kulanda chumacho ndi mlandu. Achibale ena omwe anayamba kuloza injini ndi chala anabweza dzanja atakumbutsidwa zimenezi. Katundu anali wa akazi awo a amalume, amene ife timawatcha azakhali, ndipo iwo ankafuna fizi ya ana awiri a ku sekondale.

Sabata isanathe kunabwera bambo wina wa bizinesi ya masipeya ku Mzuzu. Anati atenga zonse pa lole, ndalama pompopompo. Sindimutcha wakuba. Chigwereni kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, sipeya yatsopano yochokera kunja yakhala ngati golide, ndiye munthu wophwasula injini yakale n'kumagulitsa kabureta payekha, pisitoni payekha, propela payekha, amapeza phindu lenileni. Iye ankadziwa zimene ankayang'ana. Ife sitinkadziwa.

Anzanga a economics mukukumbukira George Akerlof ndi pepala lake la 1970 lonena za magalimoto ogwiritsidwa kale ntchito. Wogulitsa amadziwa matenda a galimoto, wogula sadziwa, choncho wogula amatchula mtengo wotsika podziteteza, ndipo eni magalimoto abwino amachoka pamsika. Kwathu zinali chadodolido. Wodziwa matenda a injini iliyonse anali atagona kumanda, ndipo wogula ndiye anali ndi maso. Mtengo umodzi wa katundu yense unkabisa chinthu chimodzi: mwa mainjini 14 aja, angati ankangofuna pulagi ndi kutsuka kabureta?

Tinaitana makaniko wa ku Kande, tinamulipira tsiku lonse, pa mgwirizano woti iye saloledwa kugulapo kanthu. Ankakoka chingwe cha injini iliyonse kuti amve ngati pisitoni ikadali ndi mphamvu yopanikiza mpweya, n'kuona ngati pulagi ikuthetheka moto. Kenako ankamasula kabawuti ka m'munsi kuti aone oyilo wa magiya. Akatuluka woyera ngati mkaka, ndiye kuti madzi analowa. Mainjini amenewa amayendera petulo wosakaniza ndi oyilo, ndipo angapo anali ouma gwa mkati, mwina chifukwa wina anaumira oyilo. Zonse ndinkalemba pa katoni n'kumangirira pa injiniyo, zabwino ndi zoipa zomwe. Zithunzi za makatoniwo ndi zimene zinazungulira pa WhatsApp.

Msuweni wanga anandiseka. "Iwe sukulu yakupweteka. Ukuulula matenda a katundu wako wekha?" Koma taganizani. Munthu amene sakudziwa chimene chili mkati amalipira ngati akugula yoipitsitsa. Ukamuuza kuti iyi yafa magiya koma mutu ndi wabwino, amawerengera mtengo wa magiya, n'kulipira zotsalazo mosaopa. Komanso ku Chintheche wogula sapita kutali. Mawa mukumana naye pa maliro.

Chovuta kwambiri chinali chakuti tigulitse kwa ndani. M'mbali mwa nyanja muno muli anyamata ambiri okonda zitsulo, ena ophunzira umakaniko pansi pa mtengo wa mango, ena alovi a chilimira amene akhala zaka akukokera eni maboti usipa usiku ndi nyali, akulota injini yawoyawo. Kwa iwowa injini yakufa ndi khomo lokhalo, chifukwa yatsopano sangaifike. Tikanaitanitsa malonda a poyera, okuwa mitengo, bwenzi atagonja asanayambe. Si nkhani ya ndalama yokha. Mnyamata wakwathu sangakweze mtengo pamaso pa bwana amene amamukweza boti, kapena pamaso pa mkulu amene amamutcha ada. Amangoyang'ana pansi.

Ndiye tinati aliyense alembe mtengo wake pa pepala, aike mu envulopu, ndipo munthu mmodzi asapitirire mainjini awiri. Ndinayesanso kubweretsa nzeru ya William Vickrey ya 1961, yoti wopambana azilipira mtengo wa amene wabwera pachiwiri, kuti anthu azilemba mtengo wa mumtima mwawo. Azakhali anandiyang'ana nthawi yaitali. "Mwanawe, munthu walemba yekha ndalama yake, ine ndimuchotsere chifukwa chiyani?" Vickrey anathera pomwepo.

Tinapereka masabata awiri oti anthu adzaone katundu, makamaka chifukwa cha a ku Usisya, omwe ambiri amadalira Ilala, ndipo Ilala imatsika kamodzi pa sabata. Mnyamata wina wa ku Mpamba anapambana ya 15 n'kulipira pa Mpamba, akuti umenewo ndiwo mpamba wake wonse. Tinaseka, koma iye sankaseka.

Pali mbali imene sindifuna kuibisa, chifukwa ife ophunzira timakonda kunena za chilungamo ndi katundu wa eni. Lamulo la mainjini awiri lija linali ndi mtengo wake. Mwini maboti wina anali wokonzeka kutenga anayi abwino kwambiri pa ndalama yokwera, ndipo tinamubweza ndi awiri. Ndalama yonse pamodzi inaposa imene bambo wa ku Mzuzu anatchula, koma inatenga masabata asanu kuti ikwane, ndipo mwana mmodzi anayamba teremu mochedwa. Wolipira kuchedwa kumeneko sanali ine. N'chifukwa chake mfundo iliyonse inkadutsa kaye kwa azakhali, ndipo ya mainjini awiri anaivomera pa chifukwa chawochawo, chosachokera m'buku: ena mwa anyamatawo ndi amene anakumba manda a amuna awo.

Atatu anatsala opanda envulopu. Awiri tinamuimbira bambo wa ku Mzuzu uja, anadzatenga pa mtengo wa masipeya, mosanyinyirika. Yachitatu, ya 40 yosweka chivundikiro, azakhali anakana kuigulitsa. Mwana wawo wamwamuna wa Fomu 3 waimasula kale, ndipo mabawuti ake ali m'mbale ya nsima pansi pa bedi.