Nyali Zothobwa M'maso

Bambo anga atatisiya, chuma chokhacho chimene chinandigwera chinali galimoto: Toyota Hilux ya m'chaka cha 1994, imene kale inali yoyera koma lero ndi yofiirira ngati dothi la kwathu ku Thyolo. Galimoto imeneyi ndiyo khasu langa. Katatu pa sabata ndimadzuka tambala asanalire, kupakira kabichi ndi tomato, n'kuuyamba ulendo wochokera kufupi ndi Makwasa, kudzera pa boma ndi pa Bvumbwe, mpaka kumsika wa Limbe. Masiku ena imasanduka ambulansi, pakuti matenda sasankha ola.

Msewu wathu umapotapota m'minda ya tiyi, ndipo mbandakucha sukhala wa galimoto zokha. Mumakhala anthu opita kukathyola tiyi m'maesiteti, a kabaza ndiponso amayi osenza malonda. M'miyezi ya Juni ndi Julayi mumabweranso chiperoni, mvula yowaza ija yodza ndi nkhungu yobisa ngakhale mtengo uli pafupi. Nyali za galimoto yanga zinali zitafooka ngati koloboyi, choncho ndinkayenda mtima uli m'mwamba.

Mu Juni 2022 ndinakumana ndi mnyamata wogulitsa mababu a LED m'mbali mwa msewu ku Limbe. Atagunditsa babu limodzi pa batire, kuwala kwake kunandilasa m'maso dzuwa likuswa mtengo. "Bwana, awa ndi masana a m'thumba," anatero. Ndinagula a kutsogolo ndi a maindiketa omwe, osafunsa munthu. Akuluakulu adati safunsa anadya phula.

Madzulo omwewo ndinawaika ndekha, ndipo zachilendo zinayamba pomwepo. Dimu inkayaka, koma ndikaika fulu kuwala sikunkasintha bwino. Kagetsi kobiriwira ngati thambo ka padashibodi kanangoti zii. Maindiketa ankaphethira mothamanga ngati diso la munthu amene walowedwa kachitsotso. Koma poona mmene bwalo lonse linayerera mbee, ndinati zinazo n'zazing'ono.

Patapita masiku atatu chiperoni chinatsika. Nditangodutsa pa boma, kutsogolo kwanga kunaima chikhoma choyera. Kuwala konse kunkagunda nkhungu n'kubwerera m'maso mwanga. Minibasi imene ndinapambana nayo inandiphethirira nyali mokwiya, ine n'kumadabwa pakuti ndinali pa dimu. Pokhota pena, mwadzidzidzi ndinangoona mayi ali ndi dengu kumsana ataima m'mphepete mwa phula, dzanja lili kumaso. Ndinaponda buleki mpaka kabichi anagubudukira mumsewu. Galimoto inaima pafupi naye kwambiri moti akanatha kugwira boneti.

Ndinatsika miyendo ili njenjenje. Mayiyo sanandilalatire. Anangoti, "Achimwene, nyali zanuzo zinandithobwa m'maso, ndinasowa kothawira." Kenaka anandithandiza kutola kabichi, n'kupitiriza ulendo wake kuopa kuchedwa kuntchito. Kufatsa kwake kunandipweteka kuposa chitonzo.

Tsiku lomwelo ndinapita kwa amalume, amene anagwira ntchito ya zamagetsi a galimoto pa esiteti ina kwa zaka zambiri asanapume. Anamvetsera nkhani yonse osandidula, kenaka anati, "Iwe mphwanga, usanataye mababu akale unafunsa chimene chinawafooketsa?" Ndinangoti kukamwa yasa.

Anatenga kamita kawo, nabwezera babu lakale, nandiuza kuti ndilize injini. Pa batire panali mavoti 14, koma pofika pa babu anali atatsala 11 okha. Atazula pulagi tinapeza dzimbiri lobiriwira. Pa bauti ya waya wa ethi napo panali dzimbiri lokhalokha. Anapala zonse ndi sandipepa, namanganso, ndipo babu limene ndinaliyesa lotha lija linawala ngati latsopano. "Silinakalambe ili," anatero. "Limafa ndi njala."

Atatero anayamba kumasula zachilendo zija chimodzichimodzi. Babu lakale la H4 lili ndi timawaya tiwiri totentha, ka mawati 55 ka dimu ndi ka mawati 60 ka fulu, ndipo sililabadira mbali imene magetsi alowera. LED ndi yosiyana: imalola magetsi kudutsa mbali imodzi yokha. Tsono galimoto zambiri zakale za mtundu wangawu zinalumikizidwa mwakuti moto umafikiratu pa babu, switchi n'kumatsegula kapena kutseka njira ya ethi. Mababu anga anapangidwira galimoto zolumikizidwa mwa njira inayo. Kagetsi ka padashibodi nako kamalandira moto wake kudzera m'kawaya ka dimu, kamene m'babu la LED mulibe.

Za maindiketa anaseka. Kabokosi kophethiritsa nyali, kamene amakaniko amati flasher, kanapangidwa kuti kazimva kulemera kwa mababu a mawati 21. Limodzi likapsa kamafulumiza kuphethira pofuna kuchenjeza woyendetsa. Popeza LED imadya moto wochepa zedi, kabokosiko kankayesa kuti mababu apsa. Sikanali kolakwa, kankangonena zimene kanaphunzitsidwa. Mankhwala ake anali kugula flasher yopangidwira LED.

Phunziro lalikulu linadza kutada. Anandiuza kuimika galimoto moyang'ana khoma la nyumba yawo, babu lakale kumanzere, la LED kumanja. Kumanzere kuwala kunali ndi malire ooneka bwino, pamwamba pake mdima. Kumanja kunangomwazika mpaka kudenga. Anafotokoza kuti mbale yonyezimira ya m'kati mwa nyali inaumbidwa motsata malo enieni a kawaya kaja, ndiponso kuti pansi pa kawaya ka dimu pali kachitsulo kotchinga kuti kuwala kusakwere. Gwero la kuwala likasuntha pang'ono pokha, zonse zimasokonekera: kumene kukanagwa pa msewu kumapita m'maso mwa anthu ndi m'nkhungu.

"Tapita ukaime kukhomako, uyang'ane kuno," anatero amalume. Nditaima, diso lina linkaona galimoto bwinobwino, koma linalo linachita khungu. Pamenepo m'pamene ndinamvetsa mawu a mayi uja. Zaka zonsezi ndinkaona nyali zanga ndili kumbuyo kwake. Ndinali ndisanaimepo kutsogolo.

Sindinena kuti LED ndi yoipa. Akatswiri atatu, Isamu Akasaki, Hiroshi Amano ndi Shuji Nakamura, analandira mphotho ya Nobel mu 2014 chifukwa cha luso limene linabala kuwala koyera kumeneku, ndipo m'midzi mwathu ana akuwerenga usiku ndi tochi ndi nyali za sola za mtundu womwewu. Nyali yopangidwira LED kuchokera pachiyambi imaunika bwino. Cholakwa chinali changa, chofuna kuveka nkhalamba nsapato zosayeza. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Lero m'maindiketa muli LED ndi flasher yatsopano, koma kutsogolo ndinabwezeramo mababu achikasu aja. Mwezi uliwonse ndimatsegula boneti kuyang'ana dzimbiri, ndipo ndikasintha babu ndimayamba ndaimika galimoto kukhoma. Chiperoni chikatsika ndimayenda pang'onopang'ono, pa dimu. Pokhota paja ndimakumanabe ndi othyola tiyi ali mumzere, madengu kumsana. Mayi uja sindingamuzindikire, pakuti nkhope yake inali itabisika kuseri kwa dzanja. Chimene ndimayang'ana n'chakuti pasapezeke wina wokweza dzanja kumaso pamene ndikudutsa.