BWALO LA MPIRA LA MAKONTENA 974 KU DOHA

Mlendo amene wafika mu mzinda wa Doha, likulu la dziko la Qatar, akatsata mseu wa m'mbali mwa nyanja kulowera ku Ras Abu Aboud, aona cimango codabwitsa. Patali cioneka ngati katundu woyembekezera sitima pa doko: mabokosi a citsulo a mitundumitundu, osanjikizana pakati pa nsanamira zacitsulo. Ili ndi bwalo la mpira lochedwa Stadium 974.

Dzinali linacokera ku makontena 974 amene anamangira bwaloli, ndiponso 974 ndiyo nambala imene munthu ayamba nayo poimba foni ku Qatar. Makontenawa ndi amodzimodzi ndi aja amene tiona pa malole akuluakulu mu miseu yathu, kapena amene amalonda ku Lusaka ndi ku Chipata asandutsa sitolo. M'bwaloli ena ndi zimbudzi, ena ndi mogulitsira zakudya, ena ndi zipinda zopemphereramo. Mipando yake ndi ya anthu oposa 40,000.

Bwaloli linatsegulidwa mu Novembala 2021, ndipo mu 2022 panaseweredwa masewera 7 a World Cup. Apa ndi pamene Ghana inagonja kwa Portugal ndi zigoli 3 kwa 2, ndipo Brazil inacinya South Korea 4 kwa 1. Ngakhale kuti Qatar ndi dziko lotentha kwambiri, amisiri sanaikemo makina oziziritsa monga anacitira m'mabwalo ena. Anasiya mipata pakati pa makontena kuti mphepo ya kunyanja izilowa, ndipo masewerawo anacitika madzulo.

Cifukwa comangira motere ndi ici. Qatar ili ndi anthu pafupifupi mamiliyoni atatu okha, koma mpikisanowo unafuna mabwalo 8. Bwalo la simenti likasowa nchito lingokhala bwinja, ndipo likagumulidwa litsala zibuma zokataya. Kuonjezera apo, kuocha simenti m'mafakitale kutulutsa pafupifupi magawo 8 pa 100 a mpweya woipa umene ukutenthetsa dziko ndi kusokoneza mvula. Koma citsulo comangidwa ndi mabauti cimasuka. Nsanamira, denga, mipando ndi makontena zonse zinakonzedwa kuti zimasulidwe, zikwezedwe pa sitima ndi kukamangidwanso ku dziko lina losowa bwalo.

Nzeru imeneyi si yacilendo kumudzi. Banja likasamuka kukafuna nthaka yacondea, bambo azula malata, citseko, mafelemu a mawindo ndi mitanda, ngakhale misomali aiongola ndi nyundo. Pa bwinja patsala dothi lokha, ndipo nyumba yatsopano iyamba ndi zakale. Amisiri a ku Doha anangokuza nzeru yomweyi.

Koma kulonjeza ndi kwina, kucita ndi kwina. Mpikisano utatha mu Disembala 2022, anthu anayembekezera kuona bwaloli likumasulidwa. Panapita zaka ziwiri liri ciimire pa malo ake, ndipo mu Januwale 2025 matimu a Paris Saint-Germain ndi Monaco anaseweramo mpira. Kumasula cimango cacikulu cotere, kucinyamula pa nyanja ndi kukacimanganso kufuna ndalama zambiri ndi mafuta ambiri, ndiponso pafunika dziko lokonzeka kucilandira. Ngati ulendowo ndi wautali kwambiri, phindu limene anafuna kupeza licepa.

Dzuwa likamalowa, mlendo ataima panja pa bwaloli aona tsidya lina la nyanja nyumba zazitali za magalasi ndi simenti, zimene sizidzasunthika mpaka tsiku lozigumula. Kumbuyo kwake kuli makontena aja, amene akhoza kuyenda. Phindu lawo lenileni lidzaoneka tsiku limene adzaimikidwa pa malo ena ndi kulandira anthu ena okonda mpira, monga momwe malata a nyumba yakale ayamikidwira pokhapo atafolera nyumba yatsopano.