Dzina la Galu ku Rugare

Achewa akale sankatcha galu dzina mwachisawawa. Munthu akakhala ndi mawu amene sangathe kumuuza mnzake pamaso, ankawasenzetsa galu. Kwathu ku Dedza tinakula tikumva maina monga Mumandida, Zamkamwa, Ndaonazino ndi Tilekeni. Mayi amene wayambana ndi mkazi mnzake wa pamitala ankangoima pakhomo dzuwa likamalowa n'kufuula kuti, "Mumandida! Mumandida, bwera kuno!" Galu ankabwera akugwedeza mchira, koma uthenga unali utafika kale kunyumba inayo. Wonenedwayo sakanatha kukasuma kubwalo la mfumu, pakuti akanati walakwiridwa chiyani pamene mnzakeyo amangoitana galu wake?

Mwambo umenewu si wathu tokha. Ashona nawonso ali nawo, ndipo mu 2004 katswiri wa ku Zimbabwe, Liveson Tatira, analemba za momwe maina a agalu amakhalira njira yokambirana mwakachetechete pakati pa anthu amene akusungirana zakukhosi. Choncho m'malokesheni a ku Harare, momwe Ashona ndi mbadwa za ku Malawi akhala moyandikana kwa zaka zoposa 100, munthu wamkulu aliyense akamva dzina la galu amatchera khutu, nadzifunsa kuti: kodi akunena yani?

Kumadzulo kwa pakati pa mzinda wa Harare kuli dera la mafakitale lotchedwa Workington. Dzinali linachokera ku tauni ina ya ku England, monganso dzina la msewu wa Coventry umene umadutsa m'deralo. Pafupi ndi mafakitalewo pali malokesheni a Rugare ndi Kambuzuma, ndipo Mbare, Highfield ndi Mufakose sali kutali. Rugare anamangira anthu ogwira ntchito ku njanji, ndipo ambiri a iwo anali ochokera ku Nyasaland, Northern Rhodesia ndi Mozambique. Ena anafika wapansi, ena pa magalimoto a Ulere, ena kudzera ku Mthandizi, ndipo ulendowu unapepukirako m'zaka za chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland, kuyambira 1953 mpaka 1963. Atate anga aakulu anali mmodzi wa iwo. Anachoka ku Dedza ali mnyamata, nalowa ntchito ya njanji, ndipo mu 1959 anabwera kudzatenga mkazi wawo, Anabanda. Kumudzi ankawawerengera m'gulu la matchona. Manda awo ali ku Harare.

Eni dziko anawapatsa alendowa maina angapo. Chishona chilibe lembo la l, motero Blantyre anasanduka Bhurandaya ndipo Nyasaland anasanduka Nyasarande. Anthu ake anakhala Mabhurandaya ndi Manyasarande. Ngakhale mawu athu aulemu akuti achimwene anatengedwa n'kukhala dzina la Mmalawi aliyense, nthawi zina mwachibale, nthawi zina mwachipongwe. Wolemba mbiri Anusa Daimon anatenga dzina lakuti Mabhurandaya n'kulipanga mutu wa kafukufuku wake wa mbiri ya Amalawi a ku Zimbabwe. Koma pa maina onsewa, lolasa mtima kwambiri ndi lakuti bwidi, pochulukitsa mabwidi. Limanena munthu wobwera, wopanda mudzi, amene alibe kumene angakaikidwe akamwalira kupatula kumanda a m'tauni.

Mu 2012 ndinali ku Harare pa ntchito za ku yunivesite, ndipo Loweruka lina ndinapita ku Rugare kukaona amayi aakuluwo. Anali ndi zaka 74. Ankakhala ndi mwana wawo wamwamuna, achimwene anga, amene kale ankagwira ntchito pa fakitale ina ku Workington, koma fakitaleyo itatsekedwa anatsala ngati mlonda wa makina ochita dzimbiri. Kumeneko ndi kumene anatola kamwana kagalu kakuda, konenepa, nakabweretsa kunyumba m'thumba la jekete kuti ana awo awiri, mtsikana wa zaka 9 ndi mnyamata wa zaka 7, azisewera nako. Kagaluko kanafika Anabanda ali kumaliro ku Mabvuku, komwe anakhalako masiku angapo. Anabwerera m'mawa wa tsiku limene ine ndinafika.

Tinali titakhala pakhonde, iwo pamphasa ine pampando, tikufunsana za kumudzi: ndani wamwalira, ndani wakwatiwa, mvula inagwa bwanji. Kagalu kaja kanatulukira kuseri n'kulowetsa mphuno m'mbale ya ndiwo imene inali pansi. Mnyamata uja anathamanga akufuula ndi mawu onse kuti, "Bwidi! Bwidi, fotseki!"

Anabanda anasiya mawu awo pakati. Anayang'ana kumsewu poyamba, poganiza kuti wofuulayo ali kunja kwa mpanda. Ataona kuti ndi mdzukulu wawo, anamuitana.

"Iwe, tabwera. Wati chiyani?"

Mwanayo anayankha m'Chishona, chifukwa Chichewa amangomva koma salankhula. Anati akuthamangitsa Bwidi. Mlongo wake anawonjezera monyadira kuti dzinalo anasankha ndi iye, popeza kagaluko kakamayenda kamachita ngati kakugubuduzika, ndipo mawuwo amamveka onenepa ngati iko komwe. Anati anawamva kusukulu, kumene anzawo ena amawaitana choncho posewera mpira, ndipo iwo ankayesa dzina lamasewera. Ataona nkhope ya agogo awo, mtsikanayo anafunsa motsitsa mawu kuti, "Gogo, tatadzei?" kutanthauza kuti, talakwa chiyani?

Agogowo sanamuyankhe. Anatembenukira kwa ine nati, "Bambo, inu mumaphunzitsa za mawu. Tandiuzani, zaka zonsezi ndakhala ndikutsekera mawu amenewa kunja kwa geti. Lero alowera pati?"

Funsoli ndi lenileni, ndipo sayansi ya chilankhulo ili ndi yankho lake, ngakhale silitonthoza. Mwana amaphunzira kamvekedwe ka mawu asanaphunzire mbiri yake. Amatola mawu monga amatolera kamwala kosalala panjira, chifukwa kakoma m'manja. Tanthauzo limene amawapatsa limachokera pa malo amene anawamvera: ngati anawamva pa bwalo la mpira anthu akuseka, kwa iye ndi mawu a chisangalalo. Ngakhale anzawo amene ankawaitana chonchowo mwina sankadziwa chimene akunena. Anatola kwa akuluakulu kunyumba. Umu ndi momwe chitonzo chimadutsira kuchoka ku mbadwo wina kupita ku unzake: chimayenda m'kamwa mwa anthu amene alibe chidani chilichonse. Zidzukuluzo zinkatchula dzinalo mwa Chizezuru, momwe bw amamveka ngati bg, pamene agogo awo ankalitchula mwa Chichewa. Katchulidwe kokhako kankasonyeza kuti anawo ali kale mbali ina ya mpanda wa chilankhulo, kumene mawuwo samveka kuwawa.

Palinso za magulu a maina. M'zilankhulo zathu, munthu ukafuna kumuchepetsa umamuchotsa m'gulu la mu- ndi a-. Ife timati chimunthu kapena kamunthu. Ashona amati zirume, chimwamuna chonyansa. Bwidi alibe mu- wa umunthu. Ali m'gulu limodzi ndi zinthu. Chodabwitsa n'chakuti m'Chichewa galu ali m'gulu la anthu: timati galu wanga wabwera, agalu anga abwera, monga momwe timanenera za mlongo kapena malume. Komabe palibe chitukwano chofala pakati pathu choposa chakuti "galu iwe". Tsono dzina lochotsa munthu pa umunthu likaikidwa pa galu, n'kuwonjezapo fotseki, chimene chimatuluka ndi chiganizo chathunthu, ndipo Anabanda anali atachimvapo kale chikunenedwa kwa iwo.

Anachimva m'mizere yodikira basi, anachimvanso mwa njira zina zaulemu wake. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 2000, mtsogoleri wa dzikolo pa nthawiyo, Robert Mugabe, ananyoza anthu a ku Mbare pa msonkhano wa ndale kuti ndi obwera opanda mitupo, ngati kuti Phiri, Banda, Mwale ndi Nkhoma si mafuko. Lamulo la unzika la 2001 linachititsa kuti anthu ambiri obadwira m'Zimbabwe momwemo, amene makolo awo anali ochokera kunja, ataye unzika ndi ufulu wovota, ndipo ziphaso zawo zinkawatchula kuti ndi alendo. Mu 2005 kunabwera Murambatsvina, pamene boma linagwetsa nyumba ndi misika m'malokesheni. Lipoti la Anna Tibaijuka wa ku United Nations linati anthu pafupifupi 700,000 anataya pokhala kapena popezera ndalama. Ogwetseredwa nyumbawo ankauzidwa kuti abwerere kumudzi. Mdzukulu wa mtchona akanabwerera kumudzi uti? Zonsezi zinali m'kati mwa dzina la kagalu kaja, ngakhale amene analisankha anali asanabadwe zambiri mwa izo zikuchitika.

Madzulo a tsikulo kunabwera mayi wa nyumba yoyandikana nayo, Mshona, amene akhala moyang'anizana ndi Anabanda kwa zaka zambiri. Anagwada pakhomo, naomba m'manja monga mwa mwambo wawo, n'kunena kuti sabata yonse wakhala osagona. Iye anamva dzinalo ngati mwambi woponyedwa kwa iye. Ankaganiza kuti banjali lamva kuti kunyumba kwake kumatchulidwa mawu amenewo, ndipo lasankha kumuyankha kudzera mwa galu. "Agogo," anatero, "ngati mwana wanga ananena zimenezi kwa zidzukulu zanu, ndiuzeni ndimulange. Koma musandiitanire pa galu." Apa m'pamene ndinaona bwino kuti tanthauzo la mawu silikhala mwa wolankhula yekha. Dzina limodzi lomwelo linali chikondi kwa ana, bala lakale kwa agogo, ndi mlandu kwa mnansi. Aliyense analimva molondola malinga ndi malamulo a chilankhulo amene ankawadziwa.

Achimwene atabwera ku ntchito anali ndi maganizo ena. Iwo anali atalimva dzinalo kuyambira tsiku loyamba, ndipo analisiya dala. Anati mawuwo awalemetsa moyo wawo wonse, ndipo kuwaona akuthamanga pabwalo ndi miyendo inayi kunkawaseketsa. Anati, "Amayi, tikalipereka kwa galu ndiye kuti ife talivula." Maganizo amenewa si achibwana. Magulu ambiri a anthu onyozedwa padziko lapansi atengapo chitonzo n'kuchisandutsa dzina lonyadira. Koma kulanda mawu kotereku kumatheka pamene olankhulawo akudziwa chimene akuchita, ndiponso pamene omva akudziwa kuti wolankhula ndi ndani. Galu sakhala m'nyumba. Amatuluka, ndipo ana a m'msewu wonse amamuitana. Mwana wa Mshona akaima pageti la Amalawi n'kufuula dzina limenelo, wodutsa m'njira sangadziwe kuti pali galu. Angerezi anakumana ndi zofananazo: galu wa Guy Gibson, mkulu wa gulu la ndege zimene zinaphulitsa madamu a ku Germany mu 1943, anali ndi dzina lonyoza anthu akuda, ndipo mu 2020 asilikali a ndege a ku Britain anasintha mwala wa pamanda ake ku Scampton kuti dzinalo lisaonekenso. Galuyo anafa kalekale, koma dzina linapitiriza kuluma.

Anabanda anamvetsera mwana wawo mpaka kumapeto, kenaka anati, "Iwe wavula, koma ana ako wawaveka." Sanakwapule aliyense. Usiku umenewo anakhazika zidzukulu zawo pamphasa nazifotokozera, m'Chichewa chosakaniza ndi Chishona, za ulendo wa agogo awo aamuna, za mudzi umene uli kuseri kwa phiri la Dedza, ndi za fuko lawo. Atatha anati galuyo amutcha dzina ndi iwo, monga zimakhalira kwawo, ndipo dzina lake ndi Tilipano. Anawo, pokhala a Chishona, ankati Tiripano, ndipo mnansi uja anaseka, chifukwa m'chilankhulo chake mawuwo amatanthauza chimodzimodzi. Kusiyana kwake kunali l ndi r basi.

Chaka chotsatira, mu 2013, malamulo atsopano oyendetsera dziko la Zimbabwe anaika Chichewa pa mndandanda wa zilankhulo 16 zovomerezeka, ndipo anatsegula njira yakuti anthu obadwira m'dzikomo kwa makolo ochokera m'maiko a SADC akhale nzika. Dziko limene linavina nyimbo za Alick Macheso ndi kuchemerera zigoli za Benjani Mwaruwari, onse ana a makolo ochokera ku Malawi, linavomereza papepala chimene chinali chodziwika kale m'misewu. Koma lamulo silifufuta mawu m'kamwa mwa anthu, ndiponso silibwezera chilankhulo m'kamwa mwa ana. M'mabanja ambiri a ku Rugare ndi Mbare, Chichewa chatsala kwa agogo, kumaliro, kutchalitchi, kumzikiti ndi kudambwe. Mwana amene sadziwa chilankhulo cha agogo ake sadziwanso mawu amene anawapweteka, ndipo angathe kuwabweretsa m'nyumba akumwetulira.

N'chifukwa chake ndimawauza ophunzira anga kuti kafukufuku wa maina asamathere pa maina a anthu, mapiri ndi mitsinje. Tili ndi mabuku otanthauzira mawu, monga Mtanthauziramawu wa Chinyanja wa mu 2000 ndi Duramazwi reChiShona la mu 1996, koma mawu amene amakhala pamalire a zilankhulo ziwiri amafuna munthu woti akhale pakhonde n'kumvetsera. Wophunzira amene angayende m'misewu ya Rugare, Mufakose ndi Mabvuku ndi kope m'manja, akufunsa khomo lililonse dzina la galu, amene analisankha, ndi amene akuganiza kuti likunena iye, adzabwerako ndi mbiri ya matchona imene m'mafailo a boma mulibe. Ayenera kufulumira, chifukwa amene anakwera Ulere ndi Mthandizi atsala owerengeka.